Batani la Enta ndi Dimba la Achemwali

Zala zanga khumi ndizo zandidyetsa kuyambira ndili mtsikana. Ndinayambira pa taipilaita, ija yolemera ngati mwala wamphero, yokhala ndi chogwirira chachitsulo kumanzere. Ukafika kumapeto kwa mzere umakankha chogwiriracho, pepala n'kukwera pang'ono, basi. Chitsulo chimenecho chinalibe maganizo. Sichinkadziwa kuti mawu awa ndi mutu, awa ndi apansi pake, ndipo sichinkafuna n'kudziwa komwe. Mpaka lero ndimachipatsa ulemu kuposa anthu ena ophunzira amene ndakumana nawo.

Masiku ano ndimagwira ntchito pa kashopu kena pa Boma la Mchinji, chakuseri kwa msika, kumene timataipa makalata ofunsira ntchito, timabuku ta ukwati ndi ta maliro, komanso kupanga fotokope. Pamalo pa chogwirira chija pali batani lalikulu lotchedwa Enta. Eni shopu atagula kompyuta yatsopano, anaitanitsa bambo wina wa ku Lilongwe kuti adzatiphunzitse kalembedwe katsopano. Anabwera atamanga tayi mu Okutobala, nsapato zosongoka, fungo la perefyumu lodzaza shopu yonse. Anationetsa kuti umalemba mutu, kenaka pansi pake n'kundandalika zonse za mutuwo, zitalowa m'kati pang'ono. Pambali pa mutu uliwonse pamakhala kamuvi kakang'ono. Ukakadina, zonse zapansi zimabisala kuseri kwa mutu ngati anapiye pansi pa thadzi, iwe n'kumangoona mitu yokhayokha.

"Mwaona amayi? Chilichonse chili pamalo pake. Apa simungasochere," anatero akugogoda pasikirini ndi cholembera.

Sindikana, zinandikomera. Koma bamboyo sanatiuze chimene Enta amachita ukamukanikiza kumapeto kwa mutu umene zapansi pake zabisala. Mwina iyenso sankadziwa. Anthu a mtundu umenewu amadziwa zimene anaonetsedwa pa semina, ndipo ukawafunsa zina amayang'ana wotchi.

Kwathu ndi kwa Dambe. Agogo anga, amayi a mayi anga, anali ndi ana atatu amene anakula: woyamba amayi aakulu, wachiwiri amalume, wotsiriza amayi anga. Amayi aakulu anakwatiwa ndi munthu wobwera, anapita naye ku esiteti ya fodya kukakhala matenanti, ndipo kumeneko ndiko anamwalira atangobereka mwana wamkazi. Mwamuna wawo anaoloka malire osamvekanso. Amalume anapalasa njinga tsiku lathunthu kukatenga khandalo, n'kudzalilera m'nyumba mwawo pamodzi ndi ana awo. Khanda limenelo ndi achemwali anga, amene tsopano ali ndi imvi ndi zidzukulu.

Kwathu munda umatsata mayi. Ana a amalume, ngakhale anabadwira ndi kukulira pamudzi pathu, kwawo kwenikweni ndi kwa amayi awo, ndipo eni ake amadziwa zimenezi popanda wowauza. Achemwali ndi a mbumba yathu kudzera mwa amayi aakulu, choncho dimba la m'mbali mwa mtsinje, limene agogo anapatsa mwana wawo woyamba, linagwera iwo. Dimba limenelo silitha madzi ngakhale dzuwa litaswa mtengo. Achemwali ndi amasiye, amuna awo anamwalira kalekale, ndipo kabichi, tomato ndi anyezi wa m'dimbamo ndiye amadyetsa nyumba yawo yonse. Alibe china. Achimwene anga, obadwa nawo mimba imodzi, ankaliyang'ana dimbalo kuyambira kale. Ankati pamenepo pakanakhala nazale ya fodya yoti anthu azichita kubwera kudzaona, osati timasamba ta azimayi.

Amayi anga anatsogola, kenaka agogo anatsatira. Patapita nthawi tinamanga chiliza cha agogo, ndipo abale anagwirizana kuti pa tsiku lochionetsa pakhale kabuku ka mwambo, kokhala ndi nyimbo, mbiri ya malemu, ndi mndandanda wa ana ndi zidzukulu. Wotaipa anali ine, popeza m'bale wodziwa ntchito salipidwa, amangothokozedwa pagulu ngati akumbukira.

Ndinagwiritsa ntchito kalembedwe ka bambo wa tayi uja, ndipo kanakwanira bwino. Dzina la amayi aakulu linali mutu, pansi pake achemwali. Dzina la amayi anga linali mutu wina, pansi pake ife ana awo ndi ana athu. Amalume ndinawasiya kaye chifukwa mayina a zidzukulu zawo anali asanandipeze. Anafika Lachisanu masana, pa pepala long'ambidwa m'kope, mwambo uli Loweruka. M'shopu munali anthu odikira fotokope mpaka pakhomo. Ndinadina timivi tija kuti ndizingoona mitu yokha, amayi aakulu pamwamba, amayi anga pansi. Amalume ndi achiwiri kubadwa, ndiye malo awo anali pakati. Ndinaika kamzere kophethira kaja kumapeto kwa dzina la amayi aakulu, ndinakanikiza Enta, ndinalemba dzina la amalume, kenaka ana awo ndi zidzukulu.

Munthu aliyense wa mutu wake angayembekeze kuti mutu watsopanowo ukhala pansi pa amayi aakulu ndi zonse zawo. Koma kompyuta inatsegula mzere watsopanowo pakati pa amayi aakulu ndi dzina limene linabisala kuseri kwawo. Dzina la achemwali linatsetserekera pansi pa amalume, n'kukakhala kumapeto kwa ana awo. Amayi aakulu anatsala okha, pansi pawo pali mbee, ngati munthu amene anafa wosabereka.

Ndinawerenganso ndisanasindikize, ndipo apa ndi pamene ndimadzida. Ndinaliona dzinalo pakati pa ana a amalume, koma diso langa silinaphunthwe, chifukwa moyo wanga wonse achemwali ndinkawaona m'nyumba imeneyo. Ndinasindikiza timabuku tambirimbiri, ndinatipinda, ndinatimenya sitepula, n'kukwera nato njinga ya kabaza ulendo wa kumudzi, ndikudzimva kuti ndagwira ntchito.

Pamanda mndandandawo unawerengedwa ndi mkulu wa mpingo amene anali atangosamukira kumene m'dera lathu, wosadziwa aliyense. Anawerenga mokweza, mochita kukoka mawu, ngati akuwerenga buku la Numeri. Kunali kotentha, anthu mitima ili ku chakudya. Achemwali sanamve, anali kumudzi akutunga madzi ndi kutsuka mbale za alendo, monga amachitira pa mwambo uliwonse. Amalume anamva ndithu, ndinawaona akugwedeza mutu pa dzina lililonse, ndipo pa dzina la achemwali anagwedezanso chimodzimodzi. Palibe anatsutsa. Achimwene anapinda kabuku kawo bwinobwino n'kukaika m'thumba la m'kati la jekete.

Mvula itatha, tsiku lina m'mawa achemwali anatulukira pashopu. Sabwerabwera ku Boma. Anali atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, mapazi ali mbuu ndi fumbi, m'manja muli kabuku kaja atakakulunga m'pepala la pulasitiki. Ndinawapatsa mpando koma anakana.

"Mng'ono wanga, ine ndinakulakwira chiyani?" anandifunsa motsitsa mawu, kuopa makasitomala.

"Bwanji achemwali? Kwagwanji?"

"Achimwene akowo akhoma zikhomo m'dimba. Akuti ine ndine mwana wa mwamuna, ndikafunse munda kwa amayi amene anandilera. Akuti zinalembedwa, ndipo unalemba ndiwe. Ine kuwerenga ndimangodziwa dzina langa. Tandionetsa pamene lili."

Ndinatsegula kabukuko ndikuseka, ndikuti achimwene ayamba misala. Nditafika pa mndandanda uja, kuseka kunatha. Ndinaloza dzinalo ndi chala, achemwali anawerama n'kuliyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti la amayi awo lili pati. Ndinawalozera pamwamba. Anayang'ana malo opanda kanthu pansi pake. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire.

Atapita ndinatsegula fayilo ija, ndinayesanso zomwe ndinachita tsiku lija, ndipo kompyuta inachitanso chimodzimodzi, mosaphethira n'komwe. Ndinayesa katatu, katatu konse inalanda amayi aakulu mwana wawo. Ndinaimbira bambo wa ku Lilongwe uja.

"Amayi, pamenepo kompyuta sinalakwe," anatero, ndikumumva akutafuna chinachake. "Enta amatsegula mzere pamene mwaima. Mukanafuna kudumpha zapansi, mukanakanikiza Enta pamodzi ndi batani lina lija. Zili m'malangizo."

"Malangizo ake ati? Munatiuza?"

"Aliyense amene amagwiritsa ntchito amadziwa zimenezo."

Aliyense ameneyo sindinakumane naye. Ndinamufunsa kuti ngati munthu wapinda zinthu n'kuziika pambali, n'chifukwa chiyani makina azing'amba pakati osamuuza. Anati ku mapulogalamu ena Enta amadumpha zonse n'kukayamba mutu watsopano pansi, ku ena amakulowetsa m'kati mwa mutu womwewo, ndipo opanga zinthuzi amakangana okha kuti cholondola n'chiti. Ankanena monyadira, ngati kukangana kwa anthu amenewo ndi chinthu choti ine wa ku Mchinji ndisangalale nacho. Anthu akuluakulu, odya katatu pa tsiku, okhala m'maofesi ozizira, akulephera kugwirizana za batani limodzi, ndiye n'kulitumiza choncho kwa ife kuti tidzaone tokha.

Ine sindinapite ku koleji, koma ndataipa zaka zambiri kuposa zimene bamboyo wakhala akumeta ndevu, ndipo nkhaniyi siivuta. Mutu ukapindidwa, uli pamodzi ndi zake zonse. Ndikakanikiza Enta kumapeto kwake, ndikutanthauza kuti ndathana nawo, ndipatseni malo pansi pa zonsezo. Ngati makinawo akukayika, atsegule zobisikazo ndizione ndi maso anga, ndisankhe ndekha. Chimene sayenera kuchita ndi kusamutsa chinthu chimene sindikuchiona n'kukhala chete. Wantchito wa m'nyumba atachita zimenezo, kusuntha katundu wa m'chipinda chotseka osanena, sangathe sabata. Ndinamuuza zonsezi, iye anati ndilembe imelo kwa opangawo, n'kudula foni.

Koma kunyoza kwanga kwakukulu sikuli pa iye. Iyeyo achemwali sawadziwa. Kuli pa anthu akwathu.

Abale anaitanitsa msonkhano Loweruka lotsatira, pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa amalume. Wotsogolera anali mayi wina wachikulire wa mbumba yathu, mng'ono wawo wa agogo. Ine ndinapita ndi tsamba lokonzedwa, dzina la achemwali litabwerera pansi pa amayi awo, ndikuganiza kuti nkhani itha tisanakhale n'komwe. Achimwene anabwera ndi kabuku kaja atakaika m'fayilo ya pulasitiki ngati satifiketi ya sukulu. Munthu amene sindinamuonepo akutsegula buku lililonse kuchokera pamene anasiya Sitandade 7, tsiku limenelo anabwereka magalasi.

Ndinafotokoza zonse, za mitu, za kamuvi, za Enta. Ndinkadzimva ndekha kuti ndikumveka ngati wabodza. Anthu ankangondiyang'ana, ena akuthamangitsa ntchentche. Nditatha ndinapereka tsamba lija. Achimwene analitenga ndi zala ziwiri.

"Limeneli mwataipa liti, mlongo?"

"Dzana."

"Ndiye mawa mutha kutaipanso lina lonena kuti ine ndine bishopu. Makina ndi anu, zala ndi zanu. Koma aka kanawerengedwa pamanda pa agogo, pamaso pa mpingo ndi mudzi wonse, amalume ali pomwepo. Anatsutsa ndani? Tsopano mukufuna kutiuza kuti batani ndi limene linabereka munthu?"

Ena anaseka. Ndinayang'ana azimayi amene anakhala pamphasa. Pakati pawo panali awiri amene ndikudziwa kuti anamubereka kumsana mwana wamasiye uja atangofika kuchokera ku esiteti, chifukwa iwo eni anandiuzapo kangapo, modzitama. Tsiku limenelo mmodzi ankakonza mpango wake, wina ankafufuta chikhadabo cha chala chakuphazi. Ana awo amapeza ganyu kwa achimwene nyengo ya fodya. Achinyamata, amene anabadwa zonsezi zitachitika kale, ankapatsirana kabukuko, kuloza ndi zala, n'kumagwedeza mitu ngati maloya. Mudzi wathunthu umene umakumbukira mbuzi ya ndani inadya chimanga cha ndani zaka makumi awiri zapitazo unaiwala mwadzidzidzi kuti munthu anabadwa kwa yani, chifukwa cha pepala limene ndinapinda ine ndi manja angawa Lachisanu masana.

Chinanso chinkandiwawa. Ndinkaona m'maso mwa ena kuti akuganiza kuti ndinachita dala, kuti dimba libwere kunyumba ya amayi anga, ndipo tsopano ndikungodzichotsa manyazi. Mpaka lero alipo amene amakhulupirira zimenezo, ndipo amandipatsa moni wa ulemu wapadera, ngati munthu wochenjera.

Mayi wachikulire uja anakweza dzanja, phokoso linatha.

"Mapepala awiri akutsutsana, ndipo onse analemba munthu mmodzi. Tiwasiye. Mwa ana a malemu watsala mmodzi, ndi uyu wakhala apayu. Inu," anatembenukira kwa amalume, "tiuzeni pano anthu akumva. Mayi uyu ndi mwana wanu kapena si mwana wanu?"

Amalume anali pa mpando wawo wa ndalema, ndodo ili pakati pa miyendo. Anali atakalamba kwambiri, maso akuyera. Achemwali anali atakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, pamalo pomwe amakhala nthawi zonse. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira chimene funsolo linkafuna. Chibadwire achemwali sanawatchulepo kuti amalume. Amawatchula kuti atate, chifukwa atate ena sanawaonepo. Amalumewo ndi amene anawagulira yunifolomu, amene anakawaperekeza ku ukwati, amene anagona panja pa maliro a amuna awo. Ana awo enieni ali ku Lilongwe ndi ku Chipata, ndipo amene amawaphikira ndi kuwachapira ndi achemwali. M'nyumba imeneyo nkhani ya ku esiteti sinkatchulidwa, osati chifukwa inali chinsinsi, koma chifukwa amalume ankakwiya munthu akaiyamba.

Amalume anatsamira ndodo yawo n'kuweramira kutsogolo.

"Ndinamutenga ali ndi masiku asanu ndi anayi," anayamba motero. "Ndinamumanga pachifuwa ndi nsalu ya mayi ake. M'njira monse ndinkaima kupempha azimayi oyamwitsa."

"Zimenezo tamva, amalume," anadula achimwene. "Funso ndi lakuti, ndi wanu kapena ayi?"

Ndikanakhala ndi mwala m'manja, tsiku limenelo ndikanagona ku polisi. Amalume anayang'ana pansi, pamutu pa achemwali, kenaka anayang'ana kutsogolo kumene kunalibe munthu.

"Si mwana wanga. Ndi wa mlongo wanga."

"Ndiye kuti m'nyumba mwanu ndi mlendo?" Achimwene anali ataona kuti dimba lawapulumuka, ndipo ankafuna kuchokapo ndi kanthu.

Mayi wachikulire anawakalipira kuti akhale chete, koma amalume anali atayankha kale, poopa kuti akazengereza nkhani iyambiranso.

"Ndi mwana wa mlongo wanga. Kwanga anangokulirako."

Nkhani inathera pomwepo. Mayi wachikulire uja analamula kuti zikhomo zizulidwe dzuwa lisanalowe. Azimayi a pamphasa aja mwadzidzidzi anakumbukira zonse, anayamba kufotokozerana za tsiku limene khanda linafika, mtundu wa nsalu, mvula imene inagwa. Achimwene anavula magalasi obwereka aja n'kuchoka osatsanzika. Achemwali anawomba m'manja mwaulemu kuthokoza bwalo, anadzuka, anakung'untha chitenje, n'kulowera kunyumba kwawo. Sanalire, ndipo sanayang'ane aliyense.

M'mawa mwake ndinatsikira kudimba kukawatsanzika. Ndinawapeza akuthirira anyezi ndi keni, maenje a zikhomo akuonekabe m'mizere. Ndinapepesanso, iwo anati zatha, ndisavutike, ndipo anandithyolera masamba oti ndipite nawo ku Boma. Tili pomwepo amalume anatulukira m'kanjira ka kumtsinje, akuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Kudimba sankabwerako kawirikawiri chifukwa cha miyendo. Anaima m'mphepete mwa mpanda wa udzu, akupuma movutikira, ngati munthu amene wabwera ndi mawu.

Achemwali anaika keni pansi, anapukuta manja pachitenje, anagwada pa dothi lonyowa.

"Mwadzuka bwanji, amalume?"

Amalume anawayang'ana. Anagwira mpanda ndi dzanja limodzi.

"Ndadzuka," anatero pamapeto pake.

Anaimabe pang'ono, kenaka anatembenuka n'kuyamba kukwera chitunda kubwerera kumudzi. Achemwali anakhalabe chogwada mpaka ndodo itasiya kumveka.